Kupalasa bwato kumunsi kwa Bua ndi ku Chia: momwe mungapitire n'kubwerako bwinobwino

Anthu amene akuyamba kumene kupalasa amalephera pa zinthu zomwezomwezo. Wina amatembenuzika asanachoke n'komwe padooko. Wina bwato limangomuzungulira pamalo amodzi mpaka mapewa kuwawa. Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja amene amanyamuka motsata madzi, n'kumakondwa kuti kupalasa n'kosavuta, kenako pofuna kubwerera n'kupeza kuti mtsinje ukumukana, dzuwa lapendeka, mphamvu zatha. Malangizo awa ndi a madzi a kuno ku Nkhotakota: chigawo cha mtsinje wa Bua chimene chatuluka m'nkhalango n'kumayenda mofatsa m'chigwa polowera kunyanja, ndiponso Chia, thamanda lalikulu lolumikizana ndi nyanja, ndi timitsinje tothira m'menemo. Amagwiranso ntchito pa Linthipe ku Salima.

Zofunika musananyamuke

- Bwato. Kwa woyamba, bwato lathabwa kapena lapulasitiki lotambalala pansi ndilo labwino. Bwato losema la asodzi lili ndi kamwa yopapatiza, munthu amakhala pamwamba miyendo ili m'kati, ndipo limafuna chiuno chozolowera. Kayaki, imene mungabwereke m'malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndi yopepuka ndipo imamvera msanga.
- Nkhafi, ndi ina yapadera yomangirira m'bwato. Mukaiimika pansi izifika cha pachibwano. Ya kayaki ili ndi peni, chophwatalala chokankhira madzi, mbali zonse ziwiri.
- Jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, ngakhale wodziwa kusambira.
- Chokapira madzi. Chigubu cha malita 5 chodula kumunsi, chivindikiro chili chotseka, chimakwana.
- Zigubu ziwiri za malita 20 zopanda kanthu, zotseka bwino. Chilichonse chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi, ndiye zikamangidwa m'bwato zimalithandiza kuyandama likadzaza.
- Chingwe cha mamita 10, ndi nsungwi ya mamita atatu yoyezera kuya ndi kukankhira pamchenga.
- Madzi akumwa, malita awiri kapena atatu munthu aliyense, ndi kamba: chinangwa chophika, mtedza, nthochi.
- Foni yodzaza moto, yokulunga m'majumbo awiri kapena yoika m'kachidebe kotseka, wezulo ndi tochi.
- Chipewa ndi malaya a manja aatali. Ngati mukuyandikira kunkhalango pewani zakuda ndi zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imakopa kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera.
- Munthu wodziwa mtsinjewo. Zina zonsezi mukhoza kugula kapena kubwereka mwachangu, koma uyu mufunefune modekha.

1. Sankhani mwezi ndi ola

Kuyambira Disembala mpaka Epulo musiyireni mtsinje eni ake. Madzi amakhala ofiira, othamanga, ndipo amanyamula zipika zimene simungazione mpaka zitagunda bwato. Bua amachokera kutali, cha ku Mchinji, ndiye akhoza kudzaza kuno kumwamba kuli mbee, chifukwa cha mvula imene yagwa ku Kasungu kapena ku Dowa usiku. Linthipe nayenso amalandira madzi a ku Dedza ndi a mtsinje wa Lilongwe. Amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 akudziwa kuti mitsinje yathuyi sichedwa kukwera.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala. Miyezi yozizira vuto lake ndi mwera, umene umavutitsa kwambiri pamalo otseguka ngati pakati pa Chia ndi pamathiriro. Mverani pawailesi chenjezo la nthambi yoona zanyengo. Akanena za mwera panyanja, lekani tsikulo. Miyezi yotentha madzi amachepa, mumakakamira pamchenga kawirikawiri, ndipo mvuu zimaunjikana m'maiwe akuya ochepa amene atsala.

Nyamukani dzuwa litatuluka ndithu, cha m'ma 7, ndipo mukhale mwabwerera masana asanapitirire.

*Chenjezo:* musanyamuke mbandakucha pofuna kuthawa dzuwa. Imeneyo ndi nthawi imene mvuu zikubwerera m'madzi kuchokera kokadya msipu, ndipo ng'ona nazo zimasaka kwambiri kukamacha ndi kukamada.

2. Funsani padooko

Safunsa anadya phula. Mtsinje wa m'chigwa umasintha njira chaka ndi chaka: pamene panali pakuya chaka chatha pakhoza kukhala mchenga, ndipo kamkwaso kamene kanali kotseguka kakhoza kutsekedwa ndi bango. Zimenezi palibe mapu amene angakuuzeni. Pezani msodzi wachikulire, mupatseni moni mokwanira, ndipo funsani mosazungulira: "Bambo, mvuu zikukhala pati masiku ano? Ng'ona yaoneka posachedwa mbali iti? Matchera atchera kuti, kuti tisawaononge? Nanga mukanakhala inu, mukanatembenukira pati?"

Ngati ndinu alendo m'mudzimo, kaonekereni kwa amfumu kapena kwa a komiti ya padooko. Gwirizanani mtengo wa bwato ndi wa wokuperekezani musanakwere. Kumbukiraninso kuti Lachisanu masana ambiri kuno amapita kumzikiti, ndiye musakonze ulendo umene udzamutsekereza mnzanuyo pamadzi nthawi imeneyo. Musiyireni munthu wina kumtunda mawu: mwalowera kuti, mulipo angati, mubwera nthawi yanji.

*Chenjezo:* chigawo cha Bua cha m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota si cholowa mwachisawawa. Nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumeneko mtsinje uli ndi miyala ndi mathithi, ndipo chilichonse chimachitika ndi chilolezo cha oyang'anira.

3. Yesani bwato, kenako longezani

Liikeni pamadzi lopanda kanthu kwa mphindi 10 ndipo yang'anani pansi pake. Kunyowa pang'ono si nkhani. Madzi olowa mooneka pamng'alu kapena pachigamba ndi chifukwa chokwanira chofunira bwato lina. Mangani zigubu zija, china kutsogolo china kumbuyo. Katundu wolemera akhale pansi penipeni, pakati. Mukakwera nonse, milomo ya bwato izitsala pamwamba pa madzi kuposa chikhatho chotambasula; ngati sizikutero, wina atsike.

Valani jekete muli kumtunda, mumange zingwe zake zonse. Mnzanu aigwire m'mapewa n'kuikokera m'mwamba. Ikafika m'makutu ndiye kuti ndi yaikulu kapena simunamange, ndipo m'madzi idzakuvukani.

4. Kukwera

Bwato liyandame lonse, pamadzi ofika m'mawondo kapena kuchepera apo. Likakhala theka pamchenga theka pamadzi ndi pamene limapendama kwambiri. Mmodzi aligwire. Wokwerayo awerame, agwire milomo yonse iwiri ndi manja, aponde pakati penipeni, akhale pansi msanga. Wodziwa kwambiri, kapena wolemera, amakhala kumbuyo chifukwa ndiye woongolera. Mu kayaki yambani kukhazika matako pampando, miyendo ilowe pambuyo, mapazi atsamire popondera, mawondo apindike pang'ono.

*Chenjezo:* musaponde pamlomo wa bwato, ndipo musaimirire kuti musinthane malo muli pakati pa madzi. Ngati n'kofunika kusinthana, kochezani kaye.

5. Kugwira nkhafi ndi kupalasa

Dzanja limodzi ligwire pamutu pa nkhafi, lina cha m'munsi, pamwamba pang'ono pa peni lake. Tambasulani kutsogolo, mizani peni lonse, kokani motsata mbali ya bwato, ndipo litulutseni likafika pachiuno. Kupitirira pachiuno mumangonyamula madzi pachabe. Oyamba ambiri amangokanda pamwamba ngati akutakasa phala ndi mthiko, madzi n'kumathovoka koma bwato osasuntha. Peni likamira lonse silichita phokoso.

Mphamvu ichokere m'chiuno ndi kumsana. Potambasula, phewa la mbali imene mukupalasa lipite kutsogolo. Pokoka, thupi lonse lizungulire nalo. Mukaona kuti mikono yatopa mphindi zoyamba zomwe, ndiye kuti mukukoka ndi mikono yokha. Mukakhala awiri, wina apalase kumanja wina kumanzere, ndipo wakumbuyo atsate kayendedwe ka wakutsogolo.

Pa kayaki, ikani nkhafi pamutu n'kuigwira kuti zigongono zipange ngodya yoongoka. Pamenepo ndi pogwira panu. Mizani peni pafupi ndi phazi, litulutseni pachiuno, kenako mbali inayo.

6. Kuongola bwato kuti lisazungulire

Apa ndi pamene ambiri amataya mtima, choncho tikhalepo pang'ono. Bwato limathawa mbali imene mukupalasa: mukapalasa kumanja, mphuno yake imapita kumanzere. Woyamba akaona zimenezi amasinthira nkhafi mbali ina, mphuno n'kubwerera mopitirira, iye n'kusinthanso, ndipo ulendo wonse umakhala wokhotakhota, madzi a pankhafi akudonthera pamiyendo.

Onani mmene msodzi amachitira ali yekha kumbuyo. Amapalasa mbali imodzi nthawi yaitali, koma nkhafi ikafika pachiuno saitulutsa pomwepo. Amapotoza dzanja lapamwamba mpaka chala chachikulu kuloza pansi, peni n'kuima cham'mbali motsata bwato, kenako amalikankhira kunja pang'ono chabe. Kukankha kochepako ndiko kumabweza mphuno pamzere. Chitani zimenezi pa kupalasa kulikonse, mofatsa. Kuongola pang'onopang'ono kosalekeza kumaposa kuongola kwamphamvu bwato litakhota kale.

Maso akhale patali. Sankhani mgwalangwa kapena chulu chakutsidya, mphuno ya bwato muilozetse pamenepo. Mukamayang'ana nkhafi simudziwa kuti mwakhota mpaka mutalowa m'bango.

Pofuna kukhota kwambiri, tambasulani nkhafi kutali ndi bwato n'kuikoka mozungulira kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pofuna kuima, mizani peni pambali pa chiuno n'kulikankhira kutsogolo. Mukakhala awiri chitani limodzi, apo ayi mudzazungulira. Phunzirani zonsezi tsiku lapadera, pamadzi osaya, pagombe la mchenga loyera pamene anthu a m'mudzi amasamba, musanapite kumtsinje.

7. Yambani molimbana ndi madzi

Lamulo ili musaliphwanye. Popita lowerani kumtunda kwa mtsinje, kumene madzi akuchokera, pamene mikono ikadali ndi mphamvu. Pobwera madzi adzakunyamulani. Mtsinje wa m'chigwa umaoneka ngati waima, koma ponyani tsamba muone mmene likuchokera. Woyamba amayenda pafupifupi makilomita atatu pa ola pamadzi odikha. Ngati madzi akuyenda kilomita imodzi pa ola, pokwera mudzayenda awiri, potsika anayi. Ndiye kuti mtunda umene mwautsika mu ola limodzi udzakutengerani maola awiri pobwerera, mutatopa kale. Mukayamba chokwera masamuwo amatembenukira kwa inu.

Pokwera yendani cham'mbali, kumene madzi ndi ofooka, koma musiye mpata pakati pa inu ndi bango. Ku Chia, kumene kulibe madzi othamanga kwenikweni, mphepo ndiyo imatenga malo ake: yambani molunjika kumene ikuchokera.

*Chenjezo:* gwirizanani nthawi yotembenuka musananyamuke, ndipo ikakwana tembenukani ngakhale kutsogolo kukuoneka kokongola.

8. Werengani mtsinje

Pokhota paliponse, mbali yakunja ndi yakuya ndi yothamanga. Gombe lake limakhala lokumbika pansi, ndipo mitengo yogwa imapezeka kumeneko. Mbali yam'kati ndi yosaya, yamchenga. Timafunde tating'ono tonyezimira pakati pa madzi osalala timasonyeza mchenga kapena chipika pansi. Mukakayika, yezani ndi nsungwi.

Mtengo wogwera m'madzi ndi woopsa kuposa mmene umaonekera. Madzi amadutsa m'nthambi zake, koma bwato ndi munthu zimakodwa. Ulambalaleni patali. Ngati madzi akukankhirani pamtengo kapena pamwala bwato lili chopingasa, pendamirani ku chinthucho. Thupi limafuna kuthawira mbali inayo, koma mukatero mlomo wa mbali imene madzi akuchokera umamira, madzi n'kudzaza bwato nthawi yomweyo.

Namasupuni ndi gumbwa zimayandama ndipo zimayenda ndi mphepo. Kanjira kamene mwalowera m'mawa kakhoza kutsekeka pobwera, choncho musalowe m'timikwaso topapatiza popanda mwini dera. Mabotolo apulasitiki kapena zidutswa za patapata zoyandama pamzere ndi zizindikiro za matchera: zungulirani kumapeto kwake. Miono ya anthu musaikhudze, ngakhale kungosuzumira. Bua ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa umakwera kuchokera kunyanja kukaswana, ndipo anthu a m'mbali mwake amadya za m'madzi amenewa.

Mukafika pamalo otakasuka, lekani kupalasa kwa kanthawi. Bwato likangoyandama mwakachetechete mbalame sizithawa: nkhwazi imalira ili pamtengo wouma mutu utagadamira kumbuyo, akakowa amayenda m'mphepete mwa minda ya mpunga, nantchengwa amanyamula timitengo kupita kuchisa chake chachikulu chija pamphanda ya mtengo, ndipo mng'anzi umatsetsereka pagombe n'kulowa m'madzi.

9. Mvuu ndi ng'ona

Mvuu ikadzidzimuka imathawira kwakuya. Ngozi zambiri zimachitika bwato likapezeka pakati pa iyo ndi madzi akuyawo, kapena pamwamba pake ikamavuuka. Imatha kukhala pansi pafupifupi mphindi zisanu, ndiye dziwe looneka lopanda kanthu silitanthauza kuti mulibe. Musanafike pokhota kapena padziwe lakuya, gogodani mbali ya bwato ndi nkhafi, imani, dikirani. Mvuu ikamva imatulutsa makutu ndi mphuno kuti ione. Ziwerengeni, muone kumene zili, ndipo dutsani mbali yosaya, kutali mmene mtsinje ungalolere. Ngati mpata ndi wochepa, bwererani. Ikayasamula kukamwa kapena kupukusa mutu ikukuchenjezani. Yokhala ndi mwana, ndi yamphongo yokhala yokha, muzipatse mtunda wowirikiza. Njira yoterera yotsika pagombe, yokhala ndi ndowe zomwazika m'tchire, ndi khwalala lake, musakocheze pamenepo.

Ng'ona simudzaiona kawirikawiri, ndipo nthawi zonse muziganiza kuti ilipo. Manja ndi mapazi zikhale m'bwato. Musalendeweretse zala m'madzi pofuna kuziziritsa, musatsukire nsomba pambali pa bwato, ndipo galu musamutenge. Mchenga wokhala ndi mkwekwerete wa mchira ndi pamene imaothera dzuwa. Chakumapeto kwa chilimwe zazikazi zimaikira mazira m'mchenga wa m'mbali mwa mtsinje n'kumalondera pafupi kwa miyezi itatu, choncho kamchenga kokongola kopumirapo muyambe mwakafunsa kwa wokuperekezani.

10. Kuwoloka ndi kukocheza

Powoloka musalozetse bwato molunjika kutsidya, madzi adzakutsitsani kutali. Mphuno iloze kumtunda kwa mtsinje mopendekera pang'ono kutsidyako, palasani mosalekeza, ndipo madzi omwewo adzakusunthirani cham'mbali. Pokocheza pobwera, pitirirani dooko pang'ono, tembenukani, mufike mphuno ikuyang'ana kumene madzi akuchokera. Wakutsogolo atsike koyamba ndi chingwe. Kokerani bwato pamtunda, ndipo musachedwe m'mphepete mwa madzi.

*Chenjezo:* pamathiriro, pamene mtsinje ukukumana ndi nyanja, madzi otsika amawombana ndi mafunde pamwamba pa mchenga wosaya. Woyamba atembenuke asanafikepo. Chimodzimodzinso pakhwalala limene Chia amatulukira kunyanja kupyola pamlatho wa msewu wa M5.

11. Bwato likatembenuzika

Gwirani bwato. Limayandama kuposa inu, ndipo anthu akumtunda amaliona msanga kuposa mutu wa munthu. Khalani mbali ya bwato imene madzi akuchokera kuti lisakupanikizeni pamtengo. Itanani anzanu mayina mmodzimmodzi mpaka onse ayankhe. Kenako likankhireni kugombe lapafupi losaya, mopanda kuphiriphitha, motsata madzi chopingasa. Katundu woyandama musiyeni. Ngati mvuu ndiyo yagunda, lisiyeni bwatolo, sambirani kuchoka pamenepo n'kutuluka m'madzi. Mukafika posaya, pendamitsani bwato kuti madzi ambiri atayike, otsala mukape ndi chigubu. Wezulo muimbe katatukatatu.

12. Mukatuluka

Dzipukuteni msanga ndi kusamba madzi a pamjigo ndi sopo. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odikha a m'bango, ngati amene mwapondamo pokwera ndi potsika. Pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse, ndipo musadikire mpaka kuona magazi m'mkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, n'chifukwa chake kumwa tsiku lotsatira sikuthandiza. Mukamva malungo, mutu kapena chotupa pamene kashembe anakulumani, auzeni adokotala kuti munali kufupi ndi nkhalango. Bwato mulitsuke, mulibweze kwa mwini wake nkhafi zili zonse, ndipo amene munamusiyira mawu mumudziwitse kuti mwafika.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

*Kukhalira jekete m'malo moivala.* Anthu amati ikutentha. Bwato limatembenuzika m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo kuvala jekete uli m'madzi n'kovuta ngakhale kwa katswiri.

*Kuvala zolemera.* Majombo amadzaza madzi, jinzi imalemera, chitenje chimakulunga miyendo. Amayi avale kabudula wautali kapena thalauza lopepuka, chitenje chidikire m'jumbo mpaka kumtunda.

*Kuonjezera munthu mmodzi chifukwa cha manyazi.* Padooko sipalephera wina wopempha kuti mumuwolotse. Kanani mwaulemu: "Pepani achimwene, bwatoli lakwana, tikubwezerani wina." Mabwato ambiri amene timamva kuti amira amakhala atanyamula mopitirira.

*Mowa.* Ngakhale botolo limodzi limachedwetsa thupi kudziongola bwato likapendama.

*Onse kupendamira mbali imodzi* pofuna kuona ng'ona kapena kujambula. Wojambula ajambule atakhala pansi, enawo asasunthe.

*Kudzimangirira chingwe* m'chiuno kapena kumanga mwana kubwato poganiza kuti n'chitetezo. Likatembenuzika chingwecho chimamusunga munthu pansi pa madzi. Mwana avale jekete ya msinkhu wake, akhale pansi pakati pa miyendo ya wamkulu, ndipo zingwe zonse zikhale zokulunga bwino.

*Kupitiriza ulendo mabingu akumveka.* Pamadzi otseguka inu ndinu chinthu chachitali kuposa zonse. Kochezani pagombe lapafupi lotetezeka, chokani pansi pa mtengo woima wokha, ndipo dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza musanabwerere m'bwato.